Chingwe cha pa Ngodya ya Kum'mawa

Letsitele, 5 Disembala 1999

Okondedwa Amayi,

Kwacha kopanda kamtambo n'komwe, ndipo dzuwa layamba kale kuwotcha. Ndikumva njiwa m'mitengo ya malalanje, pampu ikugunda kumtsinje, ndi a Dickson a ku Chiwalo aja akutsuka m'kamwa kuseri kwa nyumba ngati munthu wotsamwa. Lero Lamulungu sitigwira ntchito. Ndikhulupirira kuti inu ndi Alesi muli bwino. Ine ndili bwino. Malume a Tobias alinso bwino, kungoti miyendo inawatupa m'basi.

Ku Joni kwenikweni tinangodutsako. Kuno ndi kumunda wa malalanje wa mzungu, kutali ndi tauni. Kapitawo wathu ndi a Kaliati a ku Mulanje, amene akhala kuno zaka zambiri. Atandiona anafunsa malume kuti mwana wasukuluyu mwamubweretseranji. Malume anati ndi wa holide yokha, apeze yunifolomu ndi mabuku a Fomu 3, Januwale abwerera.

Ntchito yake ndi iyi. Anakumba dzenje lalikulu ngati mabwalo awiri a mpira, lakuya kuposa denga la tchalitchi chathu, loti azisungamo madzi othirira malalanje. Dothi la kuno limamwa madzi, choncho dzenje lonselo tikuliyala pulasitiki yakuda, pansi ndi m'mbali momwe. Musaganize za pulasitiki ya pamsika pa Migowi yoika kunsi kwa udzu, ija imabooka ndi chala. Iyi ndi yokhuthala ngati chikopa cha ng'ombe, ndipo mpukutu umodzi umanyamulidwa ndi thalakitala. Masana ikatentha imachita makwinya, m'mawa timaipeza itakungika ngati ng'oma. Poyendapo amatiyang'ana kunsi kwa nsapato kuti kulibe kamwala. Fodya saloleza, msomali m'thumba saloleza.

Malume amayendetsa kachipangizo kotentha kamene kamakwawa pamene mapepala awiri a pulasitiki akumana n'kuwawotcherera pamodzi. Timakatcha kamba. Ine ndimatsata m'mbuyo mwawo ndi ndowa ya madzi a sopo. Ndimathira pamsoko, n'kuvundikirapo bokosi lagalasi lokoka mpweya. Pakatuluka thovu ndiye kuti pali kabowo, ndipo ndimalembapo ndi choko chachikasu kuti abwerezepo. A Kaliati akuti ntchitoyi ikundiyenera chifukwa ndimayang'ana kwambiri ndipo sindilankhula. A Dickson amakoka mapepala ndi kunyamula matumba a mchenga. Iwo amanditcha a hedimasitala. Dzulo anafuula ali pamwamba kuti, “A hedimasitala, thovu laoneka, kapena mukungodziyang'ana nkhope pagalasipo?”

Dalaivala wa lole amene abweretse kalatayi akupatsani kenakake. Mugule feteleza wobereketsa chimanga asanakwere mtengo. Mabuku anga muwachotse pansi pa zenera, paja pamadontha. Malume akuti moni kwa inu achemwali awo, ndipo akuti muuze akazi awo, anti a Rozaria, kuti asagulitse mbuzi ya mawanga ija.

Ndine mwana wanu,
Dominic


19 Disembala 1999

Okondedwa Amayi,

Moni kwa inu ndi Alesi. Kuno tonse tili bwino. Khungu la m'manja mwanga lasupuka ndi sopo koma silikupweteka.

Damu loyamba tamaliza ndipo ayamba kupopamo madzi. Ife tasamukira ku dzenje lachiwiri, pafupi pomwepo. Buledi kuno ndi wotchipa kuposa kwathu, koma ufa wake ndi woyera mopanda kukoma, ndipo nkhwani kulibe. Nandolo ndimachita kumulota. Galimoto ya apolisi ikamadutsa pamsewu waukulu, a Kaliati amaimba mluzu ndipo tonse timakalowa m'malalanje mpaka itapita. Izi musauze anthu.

Ndikufuna ndikuuzeni za gwape. Lachiwiri m'mawa tinapeza gwape m'damu loyamba lija. Anabwera kudzamwa madzi n'kutereka. Madzi anali asanafike ndi theka lomwe. Ankasambira mpaka m'mbali, kukanda ndi ziboda, kukwera pang'ono, n'kubwereranso chagada. Amapita mbali ina, chimodzimodzi. Pulasitiki imeneyi ikanyowa imaterera kuposa mlamba wa ku Chilwa, ndipo palibe pogwira, ngakhale kaudzu kamodzi. A Dickson anati, “Ndiwo zadzibweretsa zokha, zadzitsukanso zokha!” Anthu anaseka. Pamene ankabwera ndi mtengo wautali, gwape anali atamira. Masana ndinapita kukaona pamene ankakanda paja. Panalibe ngakhale kabowo. Ntchito yathu ndi yabwino ndithu.

Tsiku lomwelo a Kaliati anakhoma zikhomo zachitsulo pa ngodya zinayi za damu, n'kumangirira chingwe chachikulu cha mfundomfundo pa chikhomo chilichonse, chotsika mpaka pansi. Anatisonkhanitsa.

“Tamverani, abale anga. Muno ngakhale msodzi satulukamo. Ukagwa usalimbane ndi khoma. Sambira upite pa ngodya, ugwire chingwe.”

“Nanga ife osadziwa kusambira, bwana kapitawo?” anafunsa a Dickson.

“Inu musagwe.”

Amayi, mukudziwa kuti chichokereni Napolo wa ku Michesi uja amene anatenga abambo, ine sindiyandikira madzi ambiri. Ndimakumbukirabe malume atandisenza paphewa tsiku lija, madzi ali m'chifuwa mwawo, akundiuza kuti nditseke maso. Kuno njira yochokera kumene timagona kupita kuntchito imadutsa pamwamba pa khoma la damu. Ndimayenda chakumbali kwenikweni, ndipo m'mawa uliwonse ndimayang'ana zingwe zija ngati zilipo zonse.

Khirisimasi mudye bwino. Alesi mumugulire patapata. Malume akuti moni.

Dominic


9 Januwale 2000

Okondedwa Amayi,

Kalata yanu inatipeza Lachisanu. Ndamva chisoni kuti Alesi akutsokomola, komanso kuti denga lafika podontha paliponse mpaka mukugona chokhala. Za mabuku anga amene ananyowa musadandaule, ndidzakopera kwa anzanga. Ife tili bwino. A Dickson ankati dziko litha pa Nyuwere, ndiye anadyeratu shuga wawo yense. Dziko silinathe, pano akupempha wathu.

Ndikudziwa kuti sukulu akutsegula mawa. Damu lachiwiri silinathe, ndipo a Kaliati akuti munthu sachoka msoko uli pakati. Akuti Febuluwale. Chonde mupite kwa aphunzitsi aakulu mukawauze kuti ndikubwera, asapereke malo anga.

Malume atamva za denga anapita kwa a Kaliati kukapempha zidutswa za pulasitiki zotsala, zimene amangozitaya kudzala, ndipo anawalola. Dzulo madzulo anawotcherera zidutswa zitatu kukhala chinsalu chimodzi chokwana denga lathu lonse. Ine ndinayesa misoko yonse ndi sopo, kawiri. Thovu silinatuluke. Malume akuti imeneyi mudzakalamba nayo, udzu uzidzangosinthidwa pamwamba.

Vuto linali kuipinda. Pulasitiki imeneyi ndi yamakani, ukaikulunga imadzitambasula yokha. Tinamanga ndi ulusi wa matumba, unaduka. Tinamanga ndi waya, malume anati aiboola. Lero m'mawa anatuluka, n'kubwera ndi chingwe chachikulu cha mfundomfundo, chonyowa.

“Malume, chingwechi si cha pa ngodya ya kum'mawa?”

“Zatsala zitatu, mphwanga. Damu limodzi zingwe zinayi, ngati ndi ng'ombe yolusa?”

“Koma a Kaliati anati...”

“A Kaliati nyumba yawo ndi yamalata. Achemwali akugona chokhala. Gwira apa ndimange.”

Ndinagwira, Amayi. Chingwecho chinali chachitali kwambiri, choncho anachidula pakati. Theka lina tamangira mpukutu wanu, uli m'shedi pafupi ndi ngodya yomweyo. Theka lina a Dickson alimanga pakati pa mitengo iwiri kuti tiziyanikapo zovala. Malume akuti tikamanyamuka adzagula china kutauni ya Tzaneen n'kubwezerapo.

Alesi mupite naye kuchipatala ku Boma, musadikire. Malume akuti moni, akuti mupirire mwezi umodzi wokha.

Dominic


30 Januwale 2000

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira chifuwa cha Alesi chikuchepa. Ine m'thupi ndili bwino, kungoti chakudya sichikulowa kwenikweni.

Madzi m'damu loyamba akwera, koma kuchokera pamadzi kufika pamwamba patsalabe khoma lalitali ngati anthu atatu ataimirirana pamapewa. Kumbali kwa madzi kwamera ndere, ndiye kuterera kwawonjezeka. M'mawa uliwonse ndimadutsa pa chikhomo chija cha kum'mawa. Udzu wamera mochizungulira, moti munthu wosadziwa sangaone kuti palibe kanthu. Ine ndimaona.

Lamulungu lapitali anzanga atapita kukamwa mowa kumidzi ya antchito, ndinachotsa zovala pa chingwe choyanikira chija, ndinakachimanga pa chikhomo n'kuchiponya. Sichinafike pamadzi. Chinaperewera ngati mkono umodzi ndi theka. Ndinachibweza, n'kuyanikanso zovala monga zinalili.

Ndinawauza malume kuti timasule mpukutu, tilumikize zingwe ziwirizo, pulasitiki tiipsinje ndi miyala. Anaseka.

“Iwe ndi mantha ako! Wagwamo ndani chiyambire? Gwape yekha, ndipo gwape sagwira chingwe.”

Ndaganizapo zowauza a Kaliati. Koma mzungu akamva kuti munthu anachotsa chingwe cha padamu, malume awathamangitsa tsiku lomwelo, mwinanso awaitanira galimoto ija. Ndiye ndangokhala chete. Kuntchito ndimalemba choko pa kabowo kochepa ngati kuboola kwa singano, ndipo amandiyamikira. Pa ngodya ija palibe pomwe ndingalembe.

Nyengo yasintha. Mphepo ikuchokera ku Mozambiki, yofunda, ndipo mitambo ikuunjikana kumapiri monga imachitira pa Michesi. Dzana mphepo inalowa kunsi kwa pepala limene tinali tisanaliwotcherere, linadzuka lonse ngati chinthu chamoyo n'kuwagwetsa a Dickson chagada. Anadzuka akutukwana m'Chilomwe, anthu n'kumaseka.

Malume akuti tinyamuka pa 19 Febuluwale. Mufunefune anyamata odzasasula udzu, ndipo mugule nsungwi zatsopano chifukwa pulasitikiyi ndi yolemera. Akuti moni, ndipo akuti anti a Rozaria awagulira bulangeti labuluu.

Muzitipempherera.

Dominic


10 Febuluwale 2000

Amayi,

Ine ndili moyo, sindinavulale. A Dickson ali moyo.

Mvula yagwa masiku asanu osaleka. Milatho ina yakokoloka ndipo sindikudziwa ngati kalatayi idutse. Ntchito yaima.

A Kaliati akuti nkhani zina si zolemba mwana, zimayenda ndi akuluakulu. Apita ku Tzaneen kukaimba foni ku parishi yakwathu. Abambo mfumu kapena akatekisiti akabwera kunyumba, muwalandire muli ndi munthu wina pafupi. Muitanitse anti a Rozaria akhale kwathu.

Pa 19 paja sitinyamuka.

Dominic


20 Febuluwale 2000

Okondedwa Amayi,

A Kaliati akuti uthenga unafika, ndipo mukudziwa kuti malume a Tobias anatisiya. Sindikufunsani ngati muli bwino. Ndikulemba kuti mumve kwa ine mmene zinachitikira, chifukwa ndinalipo, ndipo chifukwa mbali ina ndi yanga.

Linali Lachiwiri pa 8, cha m'ma 10 koloko m'mawa, mvula ikugwa. Madzi ochokera kumtunda anayamba kukokolola dothi limene limakwirira mphepete mwa pulasitiki pamwamba pa damu loyamba. A Kaliati anati madziwo akalowa kunsi, pulasitiki yonse ifufuma n'kung'ambika, choncho tipsinje mphepetemo ndi matumba a mchenga. Iwo ndi anthu ena anapita kumadzulo. Ife atatu anatitumiza ku ngodya ya kum'mawa.

A Dickson anali atasenza thumba, akunena kuti mvula ya kuno ilibe ulemu, imagwa ngati yatumidwa. Mawuwo asanathe, dothi linagumuka kunsi kwa phazi lawo. Anakhala pansi n'kutsetsereka ndi thumba lomwe mpaka m'madzi. Anavuuka akukanda khoma, chimodzimodzi gwape uja.

Malume anathamangira pa chikhomo. Ndinawaona akupapasa mu udzu ndi manja awiri. Anali ataiwala, Amayi. Kenaka anandiyang'ana.

“Chingwe, mphwanga! Thamanga!”

Pamene ndinkatembenuka, iwo anali atavula jombo, akutsetserekera m'madzi.

Zingwe za ngodya zina zinali kutali, kudutsa matope. Chapafupi chinali choyanikira zovala. Ndinachidula ndi mpeni wa ntchito, ndinathamanga nacho malaya ali lendelende, ndinachimanga pa chikhomo n'kuponya. Madzi anali atakwera ndi mvula, komabe chinaperewera. Malume anali atawagwira a Dickson pakolala. Ndinawamva akuti, “Achimwene, musandikakamire pakhosi, pondani paphewa panga. Pondani!” A Dickson anaponda, malume anamira, a Dickson anagwira mfundo yomaliza. Malume anavuuka, anatambasula dzanja, koma panalibe wowakankha iwo.

Ndinathamangiranso kushedi kukamasula theka lina pa mpukutu wanu. Mfundo zake anamanga ndi malume, mukudziwa mmene amamangira, ndipo mpeni ndinali nditaugwetsa m'matope. Ndinamasula ndi mano. Sindikudziwa kuti zinatenga nthawi yaitali bwanji. Pobwerera ndinapeza a Dickson ali pamwamba, atagona chafufumimba akusanza madzi, ndipo a Kaliati akufika ndi chingwe chachitali cha kumpoto. Pamadzi panali madontho a mvula okha.

Anawavuula Lachinayi. Misewu inali yoduka ndipo mapepala awo oyendera sanali olongosoka, choncho kubwera nawo kumudzi sikunatheke. Tinawaika Loweruka pa 12 kumanda a antchito a pamunda pano. Amalawi ochokera m'minda ina anabwera, tinali anthu khumi ndi asanu ndi mmodzi, ndipo tinaimba nyimbo za kwathu. Pamtanda ndinalemba ndine, ndi penti.

Ndinawauza a Kaliati zonse, kuti ndinagwira mpukutu pomanga, ndiponso kuti ndinadziwa masabata anayi osanena. Ndinkayembekeza kuti andimenya. Koma iwo anati, “Mwana wanga, malaya anganso anali pa chingwe chimenecho. Ndinkayanikapo Lamulungu lililonse, mfundo zake ndikuziona.”

A Dickson salankhula. Sananditchenso a hedimasitala. Dzulo anandifunsa ngati pulasitiki ija tiitenge kapena tiisiye. Ndinati sindikudziwa. Iwo anati anthu afera chinthu chimenechi, sichingatsale kudzala, asenza okha. Taimanga ndi malamba a matumba ndi lamba wa malume.

Tinyamuka msewu wa ku Beitbridge ukatseguka. Ngati simukufuna kuiona pakhomo, mudzanene, ndidzaisiya kumsika.

Ndine mwana wanu,
Dominic


Migowi, 19 Malichi 2000

Okondedwa a Kaliati,

Munati ndikulembereni tikafika. Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi onse a pamunda. Kuno amayi ali bwino pang'ono, mlongo wanga Alesi chifuwa chinatha.

Tinafika Lachitatu pa 8, titagona masiku awiri pa Mwanza. Minibasi ya ku Limbe inakana mpukutu, ndiye tinakwera lole ya nandolo. Kuchokera pamsika a Dickson anausenza pamutu mpaka pakhomo, anakana njinga.

Loweruka lotsatira kunali mwambo wa maliro kwa anti a Rozaria, akazi a malume. Popeza thupi kunalibe, anayala bulangeti labuluu lija pamphasa, n'kuikapo jombo zawo. Anthu anabwera ambiri. Mapemphero ali pakati mvula inayamba, ndipo chisakasa cha udzu chinkadontha. Amuna ena anaona mpukutu uja pakhonde, anaumasula osafunsa munthu, n'kuukunga pamitengo pamwamba pa azimayi. Sipanadonthe ngakhale pamodzi. Ndinamva bambo wina akufunsa kuti pulasitiki yabwino chonchi amagula kuti. Ine ndinakhala kunsi kwake ndikuyang'ana misoko itatu ija mpaka mvula inakata.

Amayi anawerenga makalata anga onse, ndipo za chingwe sanandifunsepo. Anangonena kuti pulasitikiyo ikafoleredwe pa nyumba ya anti a Rozaria, chifukwa kumeneko kulibenso mwamuna wofolera chaka ndi chaka. Tinafolera Lachinayi, ine ndi a Dickson. Denga lathu tagulira pulasitiki ya pamsika.

Kusukulu anandisungira malo. Ndayamba Lolemba, ndatsalira masabata asanu ndi anayi.

Ndikupempha chinthu chimodzi. Damu lachiwiri likatha, muikemo zingwe musanayambe kupopa madzi, ndipo mugulenso china chapadera choyanikira zovala. Mukadutsa kumanda muone ngati penti ija sinasuluke.

Pa 27 Novembala tinachoka kuno anthu atatu: malume a Tobias, a Dickson ndi ine. Tabwerako awiri. A Dickson ali kwawo ku Chiwalo, akuti sadzapitanso. Ine ndili pakhomo ndi amayi ndi Alesi. Malume a Tobias ali kwanuko, mzere wachiwiri kuchokera ku mpanda, manda achitatu.

Ndine,
Dominic